Mwezi Ukawala Sitichinyidwa

Kwa Olemekezeka a Wapampando,
Timu ya Vuma Stars,
Pansi pa mtengo wa mango, kudoko,
Kumwera kwa Chintheche.

Ada Wapampando,

Timuwoneni, Ada. Ndikhulupirira kuti inu, amayi kunyumba, maboti onse awiri ndi mbuzi muli bwino. Ndiloleni ndiyambe ndi nsapato.

Ndili Fomu 1, timu ya ku esiteti ya rabala inabwera kudzasewera pabwalo lathu lamchenga lija, lomwe kumtunda linkachita malire ndi munda wa chinangwa. Kumbuyo kwawo kunali mnyamata wamtali wa ku Thyolo, dzina lake Goodson, koma aliyense ankamutcha Chipupa. Wosewera wathu wakutsogolo, amene tinkamudalira ngati mvula yoyamba, anautenga mpira kulunjika kugolo. Chipupa sanathamange. Anangokaima pamene mpirawo unayenera kudutsa, ngati munthu wodikira minibasi. Pophethira, mpira unali kuphazi kwake, mnzathuyo ali chagada, nsapato yake yakumanzere ikuuluka. Inakagwera m'chinangwa. Amene anakaitola ndine. Mpaka lero, imeneyo ndiye ntchito yaikulu imene ndinagwirapo pa mpira wa m'dera lino.

Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti wolemba kalatayi si mdani wa Goodson. Ku yunivesite anzanga akamakangana za osewera a ku Ulaya, ine ndinkatchula Chipupa, iwo n'kumafunsana ngati ndadya.

Poti kalatayi ndi yotseguka, ndidzitchule kwa ena amene adzaimve. Ndine Jobe, mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale yoyendera, amene munandipatsa udindo wa Mlangizi wa Zaluso. Munayang'ana digiri yanga, osati miyendo, ndipo munachita bwino. Chilowereni pa udindowu sindinalangizepo munthu. Ndimakhala kumapeto kwa benchi, nditanyamula pampu.

Nkhani ndi iyi. Lolemba likudzali mukasaina pepala losinthana osewera ndi a ku esiteti. Iwo atipatsa Goodson, amene tsopano wapitirira zaka makumi anayi, kuti adzatseke kumbuyo kwathu kumene kukudontha. Ife tiwapatsa Khumbo, womwetsa zigoli wathu, amenenso ndi mwana wa mlongo wanga Enelesi. Lamulo la timu yawo mukulidziwa: amasewera ndi wantchito yekha. Ndiye kuti Khumbo akalandira jezi pamodzi ndi kampeni kochekera mitengo ya rabala, ndipo Fomu 4 ithera pomwepo, mayeso atatsala miyezi yochepa. Mnyamatayo wavomera kale. Pa msinkhu wake jezi yatsopano imalankhula mokweza kuposa buku la bayoloje.

Pamsonkhano wa komiti sabata yatha munafunsa ngati pali wotsutsa. Ndinali nazo zonena. Ndinazikonza m'mutu, chiyambi, thunthu ndi mathero, monga ndimaphunzitsira ana. Nditatsegula pakamwa kunatuluka chifuwa. Inu munaomba m'manja n'kuti, "Mwamva nokha, ngakhale wa digiri wavomereza." Ndinafuna kukonza, koma a Msungichuma anali atayamba kale pemphero lotsekera, ndipo ine ndinakulira m'Sande sukulu, sindidula pemphero. Madzulo ake Enelesi anandipeza pakhonde. "Iwe Jobe, tinakugulitsira chinangwa chonse chija kuti ukaphunzire kutsokomola?" Ndinadzigwira pakamwa. Ndinaopa kuti ndikatsokomolanso ayesa ndavomereza.

Choncho ndalemba. Papepala sinditsokomola. Ndipo sindinabwere ndi madandaulo ayi, ndabwera ndi zothokoza.

Choyamba, ndawonga ukongwa, ndathokoza kwambiri, pondidziwitsa mtengo wanga. Anthu ambiri amafa osaudziwa. Dera lonse lamva mmene zokambirana zinayendera, poti munazichitira pakhonde la golosale. A ku esiteti anati Goodson wawatumikira mokwanira, akhoza kumumasula mutangowapatsa mbuzi imodzi ya phwando lotsanzikana naye. Munayang'ana kumwamba, munayang'ana pansi, n'kunena kuti mbuzi ayi, koma pali mnyamata. Iwo anayang'anana posakhulupirira mwayi wawo. Inu munayesa akunyinyirika, ndiye munawonjezera basera monga muchitira ndi amayi ogula usipa wambiri: "Tengani ndi mlangizi yemwe." Ndamva kuti anatuluka panja, anakambirana pang'ono, n'kubwera kudzanena mwaulemu kuti mnyamatayo amulandira, koma za baserazo ayi, zikomo. Sindinakwiye. Ndikanakhala iwo, nanenso ndikanandibweza. Chomwe ndaphunzirapo ndi ndondomeko ya zinthu zamtengo wapatali kuno kwathu: pamwamba mbuzi, pakati mnyamata, pansi digiri. Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinakweza mbuzi pamwamba pa mnyamata, ndipo kusiyana kumene ndapeza ndi kumodzi kokha: mbuziyo ndi yanu.

Chachiwiri, ndithokoze khama lanu pofufuza chimene chimatichinyitsa. Palibe kumene simunaponde. Munathira mchere m'magolo onse awiri, mpaka ziweto za m'mudzi zinasamukira pabwalo kukanyambita. Munaitanitsa munthu wa mankhwala kuchokera ku Usisya, amene anatilangiza kuti tizilowa m'bwalo chobwerera m'mbuyo. Tsiku limenelo goloboyi anabinya mwendo mpira usanayambe. Munachotsa kochi. Munamubweza kochi. Munagula masokosi. Tsopano mwapeza kuti matenda ake ndi chibwana, kuti kumbuyo kukusowa munthu wamkulu, ndipo munatikumbutsa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwambi umenewu ndausunga bwino, ndiubweretsanso kumapeto.

Chachitatu, ndipo apa mtima wanga wadzaza, ndithokoze kuti munawapatsa ntchito anyamata athu. Otchinga kumbuyo onse anayi, ndi goloboyi yemwe, ndi asodzi a pa chilimila chanu, khoka lalikulu la usipa lija limene limadyetsa theka la mudzi uno. Lachisanu dzuwa likapendeka amanyamuka, kutsatira nyali za siginala, msodzi woitana usipa, mpaka pakati pa nyanja. Amaponya, amakoka, amaponyanso, kufikira m'bandakucha. Akafika padoko amatsitsa nsomba, amayanika pamatandala, amasoka pamene khoka lang'ambika. Akatero amavala masokosi aja n'kubwera kudzateteza golo lathu dzuwa la Loweruka lili pamutu. Ndi timu iti ina m'dziko muno imene otchinga ake amalimbitsa thupi usiku wonse, wapampando wawo n'kuwalipiranso? Mwezi watha, pa kona, kochi anauza Jimmy, mmodzi wa otchingawo, kuti agwire mtengo wa golo. Jimmy ndi mwana womvera. Anaugwira, anautsamira, anagona. Mpira unadutsa pafupi ndi khutu lake. Anadzidzimuka ndi phokoso la ochemerera a timu inayo n'kufuula kuti, "Kokani! Kokani!" Inu munapukusa mutu n'kunena kuti mwanayu sanakhwime. Mumtima ndinagwirizana nanu. Pa nkhani ya tulo Jimmy sanakhwimedi. Sanapatsidwepo mpata woti aphunzire.

Chachinayi chikukhudza phunziro langa, choncho mwina ndilakwitsa. Usipa umatsatira nyali kukakhala mdima. Mwezi ukawala ngati usana, nyali zilibe ntchito, maboti amagona pamchenga, anyamata amagona m'nyumba. Loweruka la sabata yoteroyo, Ada, Jimmy yemweyo amalumpha ngati nsomba ya mpasa pamathithi, ndipo goloboyi wathu amayasamula chifukwa chosowa chochita, osati chifukwa cha tulo. M'miyezi ya mwera, mphepo itatsekereza maboti padoko, tinapambana motsatizana mpaka anthu anayamba kutiopa. Munati ndi masokosi. Mwera utaleka, masokosiwo anatha mphamvu.

Ndisadzitame kuti ndatulukira chinthu. Izi akuzidziwa aliyense kuyambira ku Sanga mpaka ku Kande. Kochi wa ku Tukombo safunsa n'komwe kuti tiseweretsa ndani. Amangotuluka panja n'kuyang'ana kumwamba. Palibe amene wakuuzani chifukwa tonse timadya za pamatandala anu, ine ndemwe, ndipo munthu sakangana ndi mwini ndiwo. Ndikudziwa kuti inuyo simunazindikire. Munthu wotanganidwa ngati inu, amene amadziwa tsiku limene mwezi utuluke kuposa kalendala, sangakhale ndi nthawi yoona kuti ukugwirizana ndi zigoli.

Ndiye pali Khumbo. M'timu yonse ndi yekhayo amene sakwera boti lanu, chifukwa mayi wake analumbira kuti phazi lake silikhudza nyanja mpaka alembe mayeso. Ndi yekhayo amene amagona usiku uliwonse, ndipo ndi yekhayo amene amachinya. Nthawi zina ndimaopa kuti luso lake lonse ndi bulangete basi. Ngati zili choncho, a ku esiteti akupusitsidwa, poti kumeneko azidzadzuka tambala asanalire kukacheka mitengo, ndipo pakatha miyezi iwiri adzakhala Jimmy wawo. Ndaonanso, mwina molakwika, kuti pa anyamata onse amene mukanapereka, mwasankha yekhayo amene kuchoka kwake sikuchepetsa manja pa khoka. Zinangochitika, ndikudziwa.

Chachisanu si chothokoza kwenikweni. Ndinapita kukamuona Goodson. Ndinakwera kabaza mpaka ku nyumba za antchito, ndikukonza mawu m'njira, ndipo nditafika ndinaiwala onse. Ndinamupeza pampando waufupi, bondo atalikulunga ndi kansalu. Nsapato ija akuikumbukira. Woitola samukumbukira, ndipo sindinamukakamize. Ndinamufunsa za bondolo. "Aphunzitsi, bondo ili limadziwa za mvula wailesi isananene. Ine ndi mpira tili ngati banja lotha, timangopatsana moni."

Koma ndinene chilungamo, ngakhale chikundiwonongera mlandu. Kutsogolo kwa nyumba yake ana ankasewera mpira wa mapepala. Tili pakati pocheza, osatembenuka n'komwe bwinobwino, anakuwa kuti, "Iwe wa malaya ofiira, tseka kumanzere!" Mwanayo anasuntha, ndipo mpira unabwera pomwepo, ngati watumidwa. Miyendo inapita, Ada, koma maso aja alipo. Timu yathu ilibe munthu wolankhula kumbuyo. Anyamata athu amatchinga ngati anthu amene anayambana pamaliro. Munthu ngati ameneyu timamufuna, ndipo pamenepo simunalakwe. Zikundiwawa kulemba chiganizo chimenechi, koma ndachisiya.

Nditamufotokozera za Lachisanu usiku, anaseka mpaka anagwira bondo. "Ine ndimatha kuuza munthu poima. Kudzutsa munthu ndi ntchito ya tambala." Kenako ndinatchula za Khumbo, ndipo kuseka kunatha. Iye ankaganizabe kuti akusinthidwa ndi mbuzi, ndipo anati anaona kuti ndi ulemu, poti ena amachoka popanda ngakhale nkhuku. Za mwana wa sukulu sanazimve. Anayang'ana manja ake, amene utomoni unawadetsa mpaka sopo anagonja, n'kunena kuti, "Inenso ndinali Fomu 3. Ndinabwera kudzasewera chaka chimodzi." Ine, monga mwa chizolowezi, ndinatsokomola.

Tsopano ndidzitsutse ndekha, kuti ndikupeputsireni ntchito. Ndine asibweni a mnyamatayu, choncho mlandu ndikuweruza ndili mbali imodzi. Komanso sindingalonjeze kuti akakhala adzakhoza. Mapepala ake a jogalafe ndimachonga ndine; pa mapu ena anasamutsira Nkhata Bay ku Mozambique, ndi anthu ake omwe. Ndipo ngati sukulu ikufuna mboni, ine ndine mboni yofooka. Nditayesa kumulangiza, anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu, n'kufunsa kuti, "Asibweni, inu munakhoza mayeso onse. Ndiye muli ndi chiyani?" Ndinayang'ana m'nyumba monse. Chimene chinali pafupi ndi pampu, ndipo nayonso ndi ya timu.

Mwina ku esiteti kuli moyo wabwino kuposa umene ndikuuganiza. Kuli nyumba, kuli malipiro a pamwezi, kuli anthu olimbikira amene alera ana awo ndi kampeni komweko, ndipo sindikuwanyoza. Mwina mnyamatayo adzapitabe chaka chamawa, ndi miyendo yake, ndipo ndidzamunyamulira chikwama. Koma ndikanakonda kuti akalephera mayesowo alephere yekha, ndi cholembera chake, m'chipinda cholembera, osati alepheretsedwe pakhonde la golosale pofuna kupulumutsa mbuzi. Mbuziyo ndaiona. Ndi yonenepa, ya maso ofatsa, ndipo ndikumvetsa kuti mumaikonda. Koma chiyambireni ligi sinachinyepo.

Ndafika pa pempho langa, ndipo ndagwada.

Loweruka lino tikusewera ndi a ku Tukombo, ndipo mwezi uli kumdima. Kochi wawo wayang'ana kale kumwamba, akuti wagula ndi malaya atsopano. Ndikupempha kuti Lachisanu lokhali anyamata asanu aja agone m'nyumba zawo. Sindikunena kuti chilimila chigone, Ada, ndingayambe bwanji? Usipa wa mdima sudikira munthu, ndipo sindingafune kuti mutaye ngakhale ndowa imodzi chifukwa cha masewera a ana. Khoka lipite. Koma poti mwatiphunzitsa kuti pamene achinyamata akulephera pamafunika akuluakulu, ndipo akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndikupempha kuti usiku umenewo boti likwere komiti. Tilipo asanu, ndendende. A Msungichuma ali ndi manja ozolowera kugwira osataya, agwire chingwe. A Mlembi ndi olemera bwino, akhale pakati kuti boti lisapendeke. A Wachiwiri anu ali ndi mawu, aziyambitsa nyimbo yokokera. Inu, amene mumaona patali, mukhale siginala m'bwato la nyali. Ine ndizikapa madzi. Ndikuchenjezeni kuti ndimasanza ngakhale m'boti lomangidwa padoko, koma kamodzi kokha pa udindo wanga ndidzakhala nditagwira ntchito yooneka.

M'mawa tidzayanika nsomba, tidzasoka khoka, ndipo masana tidzakhala pabenchi pathu kuonera mpira. Anyamata akachinyidwa atagona, ndidzaima pakati pa bwalo n'kunena mokweza, popanda chifuwa, kuti jogalafe yanga ndi yabodza, ndipo mudzandipereke kwa aliyense amene angandilandire. Akapanda kuchinyidwa, ndikupempha kuti Lolemba mupite ku esiteti mutagwira chingwe cha mbuzi, osati dzanja la mwana wa mlongo wanga. Goodson abwere, tidzamulandira ndi nyimbo, adzapeze anyamata oti akawauza poima akhale akumva. Ndipo wina wa ife akadzagwira mtengo wa benchi n'kuutsamira mpira uli mkati, musadandaule. Sindidzanena kuti sanakhwime.

Ndine wanu wotsika, wobwezedwa ndi a ku esiteti, wokhulupirikabe,

Jobe Kamanga,
Mlangizi wa Zaluso ndi Wosunga Pampu.

Zowonjezera: Kalatayi ndinailemba Lolemba. Lachiwiri ndinachotsamo za mbuzi, Lachitatu ndinazibwezeramo. Lero ndi Lachinayi m'mawa, ndipo ndinali nditayamba kuganiza kuti mwina nkhaniyi ingakome kuinena pakamwa, nthawi ina yabwino, mwezi ukawala. Koma Enelesi waima pakhomo, beseni lili pamutu, akupita kukagula usipa pamatandala anu, ngati mudzamugulitsebe. Akuti, "Iwe, ukaiwerenganso kamodzi uidya." Akutinso ayamba waiwerenga mokweza padoko, asodzi ndi ogula onse akumva, kenako ndiye akupatseni, poti ine ndinalemba ndekha kuti ndi yotseguka. Ndayesa kumufotokozera kuti mawuwo ndi ongotchulira mtundu wa kalata. Watambasula dzanja. Mapepalawa ndawapinda kawiri, ndipo zala zanga zikukanabe kuwasiya, koma iye wagwira kale mbali inayo, ndipo Enelesi amakoka kuposa anyamata anu onse asanu.